Kuthamanga Sikufika: Mbiri ya Ulendo wa pa Ndege wa pakati pa Chileka ndi Francistown

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Mwambi umenewu amauponyera mwana amene wapupuluma pa ntchito, kapena mlendo amene walawira m'bandakucha osatsazika eni mudzi. Koma m'mbiri ya dziko la Malawi muli nkhani ina imene imamasulira mwambiwu momveka kuposa nthano ina iliyonse. Nkhaniyo ndi ya njira ya mumlengalenga imene idalumikiza bwalo la ndege la Chileka, kufupi ndi mzinda wa Blantyre, ndi bwalo la ndege la Francistown, m'dziko la Botswana. Masiku ano ndi achinyamata owerengeka amene akudziwa zoti mabwalo awiriwa adali paubale. Komatu kwa zaka zoposa 20, amuna zikwizikwi a m'midzi ya m'Malawi adadzera njira imeneyi popita ndi pobwerera ku migodi ya golide ya ku Joni. Ambiri mwa agogo amene amatchedwa a Wenela kapena a Theba adakwera ndege asadakwerepo sitima ya pamtunda.

Kutalika kwa mtunda

Kuchokera ku Chileka kukafika ku Francistown, mtunda wolunjika, wosakhotakhota, ndi makilomita pafupifupi 1,000, kapena kuti mamailosi 620 m'kawerengedwe ka masiku amenewo. Mzere wolunjikawo umatuluka m'Malawi cha kumadzulo kwa Blantyre, nulowa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, nuwoloka mtsinje wa Zambezi. Ukatero umadula dziko lonse la Zimbabwe mopingasa, kuchokera kumpoto chakummawa kukatulukira kummwera chakumadzulo, ndipo umakathera pang'ono kuseri kwa malire a Botswana.

Ndege ya mtundu wa DC-4, ya mainjini anayi, inkayenda makilomita pafupifupi 360 pa ola. Motero mtunda wonsewo inkaumaliza m'maola pafupifupi atatu. Ndege yocheperapo ya DC-3, imene inkadziwika ndi dzina loti Dakota, idali ya mainjini awiri ndipo inkatenga maola oyandikira anayi. Munthu wamphamvu woyenda pansi, amene angathe makilomita 30 pa tsiku osapumula ngakhale tsiku limodzi, angatenge masiku oposa 33 kuti amalize mtunda womwewo, ndipo apo n'kuti njira yake ili yowongoka, yopanda phiri kapena mtsinje. Kunena kwina, ndege inkamaliza ulendo wa mwezi wathunthu nyemba zisadapse pamoto. Chimenechi chidali chodabwitsa chachikulu. Koma kuti kulemera kwake kumveke bwino, nkhani iyenera kuyambira pa nthawi imene kudalibe ndege.

Nthawi ya oyenda pansi

Golide adapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo mzinda wa Johannesburg udamera pamwamba pa migodiyo. Patangopita zaka zisanu, mu 1891, dziko limene lero likutchedwa Malawi lidalowa m'manja mwa Angerezi. Boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo mwamuna aliyense adayamba kusowa ndalama, chinthu chimene makolo ake sankachidziwa. Malipiro a m'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba adali ochepa kwambiri, ndipo thangata lidali lowawa. Mbiri itamveka yoti kummwera ntchito ikulipira bwino, amuna adayamba kunyamuka.

Ulendowo udali wapansi. Ankanyamuka m'magulu, pakuti kuyenda awiri si mantha. Ankasenza kamba wa ufa, mbatata zouma ndi mtedza, kamphika kophikira, nkhwangwa ndi kamphasa. Njira zambiri zinkadzera ku Tete, kumene ankawoloka Zambezi pa bwato, n'kulowera ku Salisbury, umene lero ndi mzinda wa Harare. M'njiramo mudali mikango, malungo, ludzu ndi achifwamba. Kamba akatha, gulu linkaima pa famu ya mzungu n'kugwira ntchito miyezi ingapo kuti lipeze chopitira patsogolo. Chotero ulendo wokafika ku Joni unkatha miyezi, ndipo kwa ena unkatha zaka.

Anthu awiri odziwika m'mbiri adayenda njira zoterezi. Clements Kadalie, wa ku Nkhata Bay, adadzera ku Southern Rhodesia mpaka kukafika ku Cape Town, kumene adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919. Hastings Kamuzu Banda adanyamuka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, nakagwira ntchito ku Hartley, ku Southern Rhodesia, asadapitirire ku South Africa, kumene adakagwira ntchito pa mgodi. Iyeyu adabwerera kwawo patapita zaka zoposa 40, ndipo adatera pa bwalo lomwelo la Chileka pa 6 Julaye 1958. Adachoka ndi mapazi, nabwera ndi mapiko.

Si onse adabwerera. Chichewa chidapeza mawu a anthu oterewa: matchona. Mtchona ndi munthu amene adapita kutali n'kuiwala kwawo, kapena amene adalephera kubwerera chifukwa cha manyazi obwera chimanjamanja. Ena adakwatira komweko, ndipo zidzukulu zawo zili ku Zimbabwe ndi ku South Africa mpaka lero. Ena adafera m'njira, ndipo manda awo sadziwika. Ngakhale amene adafika bwino ku migodi adakumana ndi mdani wina. Anthu ochokera ku maiko otentha ankafa kwambiri ndi chibayo chifukwa cha kuzizira kwa ku Joni, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu antchito ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. M'nyengo yonseyo amuna sadaleke kupita. Ankangopita paokha, mozemba, ndipo kupita kotereku ankakutcha kupita pa selefu.

Mwambo wotsazika

Popeza ulendo udali woopsa chotere, kunyamuka sikudali kwa chibwana. Mwamuna ankayamba watsazika kwa amalume ake, amene ndiwo eni mbumba, kenaka kwa apongozi ndi kwa nyakwawa. M'mabanja ambiri ankathira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo, kupempha mizimu ya makolo kuti imutsogolere. Ena ankamumangirira chithumwa m'chiuno kapena pamkono. Akhristu ankaitana mkulu wa mpingo kuti adzapemphere. Akuluakulu ankamulangiza kuti ukayenda siya phazi, usasiye mlomo, kutanthauza kuti kwa eni munthu asasiyeko mawu oipa, pakuti amamutsata. Ankamukumbutsanso kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Mkazi wotsala naye adali ndi mwambo wake. Anthu ankakhulupirira kuti akapanda kudzisunga, mwamuna wake angaone tsoka kumene wapitako. Choncho ulendo sudali wa munthu mmodzi. Wopita ankayenda, wotsala ankadikira, ndipo onse awiri ankawerengedwa kuti ali paulendo. Mudzi sunkanena kuti ulendo watha pamene munthu wafika ku Joni. Unkanena choncho pamene wabwerera, wakhala pamphasa, wamwa madzi, ndipo wafotokoza malonje. Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse ino.

Wenela ibweretsa ndege

Dzina loti Wenela lidachokera ku zilembo za WNLA, chidule cha Witwatersrand Native Labour Association. Limeneli lidali bungwe limene eni migodi adakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti liziwapezera anthu antchito kunja kwa South Africa. Chiletso cha 1913 chitachotsedwa, bungweli lidatsegula malo olembera anthu m'maboma osiyanasiyana a Nyasaland. Poyamba linkanyamula anthu pa malole ndi pa sitima. Mu 1952 lidayamba kuwanyamula pa ndege zakezake, ndipo likulu la ndegezo lidali ku Francistown.

Wina angadabwe kuti n'chifukwa chiyani ndege zinkatera ku Francistown, tauni yaing'ono ya m'dziko louma limene panthawiyo linkatchedwa Bechuanaland, m'malo molunjika ku Johannesburg. Yankho lake ndi njanji. Francistown ili pa njanji yochokera ku Mafeking kupita ku Bulawayo, imene idamalizidwa mu 1897. Wenela idamanga msasa waukulu pamenepo, ndipo anthu ochokera ku maiko a kumpoto ankasonkhanitsidwa pa msasawo. Akakwanira, ankawakweza sitima kupita kummwera, kudzera ku Mafeking, mtunda wa makilomita oposa 800, mpaka ku Johannesburg. Motero ndege inkadumpha gawo lovuta la ulendo, la mitsinje ndi malire ambiri, ndipo njanji inkamaliza gawo lotsalalo pa mtengo wotsika.

Mnyamata wofuna kupita ankayamba wakalembetsa. Ankamuyeza pa sikelo, dokotala n'kumupima chifuwa, ndipo akapezeka wamphamvu ankadinda chala pa pepala la mgwirizano. Kuchoka apo ankamutengera ku bwalo la ndege. Ambiri adali asadayandikirepo ndege chibadwire, ankangoiona ikudutsa m'mitambo ali kubusa. Tsono pa tsiku limodzi, munthu amene adadzuka m'dziko la kwawo ankagona m'dziko lachilendo, atadutsa pamwamba pa Zambezi amene atate ake adawoloka pa bwato mtima uli m'mwamba. Njira imene idadya anthu ambiri idasanduka ya maola atatu.

Ubwino wake sungakanidwe. Mikango ndi achifwamba a m'njira adaiwalika. Munthu ankafika ali ndi mphamvu zake. Chachikulu koposa, mgwirizano ukatha, ndege yomweyo inkamubweza kwawo, ndipo gawo lalikulu la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire m'Malawi. Zimenezi zidachepetsa utchona, pakuti amene wafuna ndalama zake ankayenera kubwerera. Obwerawo ankafika ndi thiranki yodzaza zovala ndi mabulangete, njinga yakapalasa, makina osokera, wailesi kapena gumbagumba. Ena adamanga nyumba za malata, ena adatsegula magolosale, ndipo ena adalipirira ana ndi azing'ono awo sukulu. Pofika mu 1973, Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adali oposa 100,000.

Maola atatu, zaka ziwiri

Komabe chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndege idafupikitsa njira, koma siidafupikitse kusowa kwa munthu pakhomo. Mgwirizano wa ku Wenela unkatha chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo ambiri ankati akapumula miyezi yochepa n'kukalembetsanso. Mwamuna wokwera ndege maola atatu ankasiya mkazi woyembekezera, n'kudzapeza mwana akuyenda ndi kulankhula, wosamudziwa bambo wake. Mkazi ndiye ankalima, kufolera denga, kusamala odwala ndi kuika maliro. Makalata ankayenda masabata, ndipo popeza ambiri sankadziwa kulemba, chinsinsi cha banja chinkadzera m'manja mwa mwana wa sukulu kapena mphunzitsi wa pamudzi.

Ku Joni nako moyo sudali wa mtendere. Amunawo ankagona m'makomponi a amuna okhaokha, ambiri m'chipinda chimodzi, pansi pa malamulo a tsankho. Ankatsika pansi pa nthaka mtunda wa makilomita awiri kapena kuposerapo, kumene kumatentha koopsa ndiponso miyala imagumuka mosachenjeza. Ankalamulidwa m'chinenero cha Fanakalo. Ambiri adabwerera ndi chifuwa chachikulu kapena ndi matenda a fumbi la miyala, amene amaumitsa mapapo pang'onopang'ono ndipo amaonekera patapita zaka. Oterewa ankatsika ndege pa Chileka akuoneka athanzi, atavala suti ndi chipewa, koma atanyamula imfa m'chifuwa. Eni migodi ndiwo adapindula kwambiri ndi liwiro la ndege, chifukwa munthu ankayamba ntchito msanga, osataya miyezi m'njira. Kwa mudzi, kutalika kwa ulendo kudali komwe kuja: kuyambira tsiku lotsazika mpaka tsiku la malonje.

Tsiku la 4 Epulo 1974

Tsoka silinunkha. Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idanyamuka pa bwalo la Francistown kulunjika ku Malawi. M'ndegemo mudali anthu 84, ndipo ambiri mwa iwo adali Amalawi amene adali atamaliza mgwirizano wawo. Adali atapulumuka miyala ya pansi pa nthaka, atapirira miyezi yonse ya m'komponi, ndiponso atayenda kale ulendo wa sitima kuchokera ku Johannesburg. Chimene chidatsala ndi maola atatu okha. Ndegeyo itangonyamuka, mainjini ake adayamba kulephera, ndipo idagwa n'kuyaka moto pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera pa bwalo. Anthu 78 adafa, ndipo oposa 70 mwa iwo adali Amalawi obwerera kwawo. Imeneyi ndi ngozi ya ndege imene idapha anthu ambiri kuposa ina iliyonse m'mbiri ya Botswana.

Ofufuza adapeza kuti mafuta a ndegeyo adali osakanikirana. Ndege za mainjini ngati a DC-4 zimayendera petulo wapadera, pamene ndege za jeti zimayendera mafuta ofanana ndi palafini. Mafuta a jetiwo atalowa mu petulo, mainjini adatentha mopitirira muyeso, nataya mphamvu pa nthawi imene ndege imafuna mphamvu zake zonse, ndiyo nthawi yokwera m'mwamba. Sidali mphepo yamkuntho, sikudali kusochera. Kudali kulakwitsa kumene kudachitikira pansi, ndege isadanyamuke. Madzi akatayika sawoleka.

M'midzi yambiri, mabanja amene ankakonzekera kulandira mlendo adalandira uthenga wa maliro. Malonje sadafotokozedwe. Pa mwambo wa makolo, ulendo wa anthu amenewa sudathe, ngakhale kuti adali atamaliza pafupifupi zonse zimene adapitira. Apa ndi pamene mwambi uja umaonekera poyera: ndege idathamanga, koma siidafike.

Zotsatira zake

Ngoziyi itachitika, Pulezidenti Banda adaimitsa kulemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa. Amene adali kale kumeneko adabwerera m'miyezi yotsatira, ndipo pofika mu 1976 Amalawi otsala m'migodi adali ochepa kwambiri. Akatswiri a mbiri amanenanso kuti padali chifukwa china pambali pa chisoni. M'zaka zimenezo minda ikuluikulu ya fodya inkakula mofulumira m'Malawi, ndipo inkafuna anthu antchito ambiri. Amuna ochuluka amene akadapita ku Joni adakathera m'minda imeneyi, pa malipiro ochepa kuposa a kumigodi.

Eni migodi nawo adaphunzirapo kanthu. Kutaya anthu oposa 100,000 pa nthawi yochepa kudawaonetsa kuopsa kodalira maiko akunja, makamaka pamene Mozambique nayo idalandira ufulu mu 1975. M'zaka zimenezo mtengo wa golide udali utakwera, ndipo adakweza malipiro n'kuyamba kulemba anthu ambiri a m'dziko lawo lomwe. Mu 1977 Malawi idalolanso kuti anthu azipita, koma chiwerengero sichidabwererenso pakale. M'chaka chomwecho Wenela idaphatikizidwa ndi bungwe linzake n'kupanga TEBA, dzina limene Amalawi amalitchula kuti Theba. Kulemba anthu kudatheratu mu 1988, pamene maiko awiriwa adasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV asadalembedwe ntchito. Kuyambira pamenepo, okalamba ambiri amene adagwira ntchito kumigodi adakhala zaka akutsatira ndalama zawo za chipukutamisozi ndi za penshoni, ndipo ena adamwalira asadazione.

Phunziro la njira imeneyi

Njira ya Wenela ya pakati pa Chileka ndi Francistown idafa, koma ulendo wa ku Joni sudafe. Lero ndege yochokera ku Chileka imalunjika ku Johannesburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350, ndipo imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Ambiri sakwanitsa mtengo wake, choncho amakwera basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700, umene umatha masiku awiri kapena kuposerapo malinga ndi mizere ya pa zipata. Mbali yaikulu ya njira imeneyi ndi yomwe ija adayenda makolo ndi mapazi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Tete pali milatho, ndipo wapaulendo ali ndi foni m'thumba.

Adzukulu a anthu a Wenela ali ndi mwayi umene agogo awo adalibe. Amatha kumva mawu a mayi awo tsiku lililonse, ndiponso kutumiza ndalama n'kufika tsiku lomwelo. Komabe funso limene mudzi unkafunsa kale silidasinthe. Mudzi sufunsa kuti ndege idatenga maola angati. Umafunsa kuti mwana wake adzabwera liti, adzabwera ali bwanji, ndiponso ngati ana ake adzadziwa manda a makolo awo. Pali achinyamata amene ali pa mtunda wa maola awiri kuchokera kwawo koma atha zaka khumi osapondako, pamene agogo awo ena adayenda mwezi wathunthu wapansi kuti akaone mayi wodwala. Utchona suyezedwa ndi makilomita.

N'chifukwa chake mwambo wotsazika ndi mwambo wa malonje uyenera kusungidwa, ngakhale ulendo ufupike chotani. Kutsazika kumakumbutsa wopita kuti ali ndi kwawo ndiponso kuti akuyembekezeredwa. Malonje amakumbutsa otsala kuti kubwera bwino si chinthu wamba. Mdzukulu amene agogo ake adapita ku Wenela ndipo akadali moyo achita bwino kukakhala nawo pansi n'kuwafunsa kuti adakwera ndege chaka chiti, adakhala pa msasa wa Francistown masiku angati, adagwira ntchito pa mgodi uti, ndiponso adabwera ndi chiyani. Mayina ndi zaka zimenezo azilembe m'kabuku, pakuti akuluakulu ndi mdambo mozimira moto, ndipo amene adaona zinthu zimenezi ndi maso atsala ochepa. Amene agogo ake adali m'ndege ya pa 4 Epulo 1974 afunse kwa otsala, kuti dzina la malemuyo lisaiwalike. Potero malonje amene sadafotokozedwe tsiku lija adzamveka, ngakhale mochedwa, pakati pa mbumba yawo.